Kukongola kwa Alamu Anga a Vitus

Kwathu kuno mukafunsa kuti munthu wokongola kwambiri anali ndani, musayembekezere kuti akulozerani namwali. Akulozerani alamu anga a Vitus, bambo wamfupi, wamano otalikirana, wadazi loyambira pamphumi. Kunkhope ayi, Mulungu sanatayepo nthawi. Kukongola kwawo kunali kwa ndalama, feteleza, mchere, sopo, njinga, ngakhale singano. Ine Keziya ndinkawaseka pamaso, poti mlamu ndi wako womuseka, iwo n'kumangoti, "Alamu, musandinyoze, mwina mawa ndibwera kwa inu." Ndipo mawa lake ankabweradi.

Anachokera ku Phalombe ali mnyamata, atakwera lole ya esiteti ina ya fodya ya ku Mavwere, kudzakhala tenanti. Utenanti mukuudziwa inu. Bwana amakupatsa chimanga, khasu, feteleza, zonse pangongole. Fodya akagulitsidwa iye amadula zake, iwe n'kutsala ndi ngongole yoyambira chaka chamawa. Munthu umayamba kukongola usanatsike n'komwe pa lole, chifukwa ya ulendoyo nayonso amakuwerengera. Achemwali anga a Stelia anakumana nawo pamsika akugulitsa mtedza, ndipo chimene anawakondera ndimafunsabe mpaka lero. Matipate atabwera, anthu wamba n'kuyamba kulima fodya wa bale m'minda yawo, a Vitus anachoka pa esiteti kudzakhala chikamwini kwathu, kufupi ndi Guilleme. Achimwene athu a Eneya anawadulira munda. Tonse tinati munthu uja wapumula. Kupumula kuti? Ngongole ya bwana inasanduka ya kalabu ya alimi, ya kalabu inabala ya katapila, ya katapila nayo n'kubala ana ake.

Msewu waukulu alamu anga sankaudziwa. Pamsika ankafika cha kuseri, kudzera m'madimba, n'kutulukira kumbuyo kwa chigayo. Mukawaitana dzina sankatembenuka msanga, ankayamba amvetsera kaye kuti liwulo ndi la ndani. Pakhomo pakangomveka "Odi!" iwo anali atalowa kale m'chigafa, m'mene amayanikamo fodya, achemwali n'kutuluka akupukuta manja pachitenje.

"Achokapo. Angonyamuka kumene."

Mayi wa mphakati wa kutchalitchi ameneyo, wolandira Ukalisitiya Lamulungu lililonse, koma bodza limeneli ankalinena osaphethira.

Thupi nalo linkalipira. M'mimba munkawawotcha, mutu unkawalasa, anawonda mpaka lamba anamuboola mabowo ena ndi msomali. Ankakalipira ana pa zinthu zopanda mutu, mwana kungogwetsa supuni basi nyumba yonse moto. Achemwali akamapemphera ku mphakati sankapempha chuma ayi. Ankangoti, "Ambuye, mwamuna wanga adzadyeko tsiku limodzi osayang'ana kunjira."

Ana anali nawo awiri, onse aakazi, Mwayi ndi mng'ono wake Alinafe. M'chaka cha njala ya 2002 Alinafe, kamwana kosayamba n'komwe sukulu, kanadwala malungo, magazi n'kuchepa, ndipo kanamwalira kuchipatala bambo ake kulibe. A Vitus anali atawoloka malire kukasaka chimanga ku Zambia ndi ndalama zimene anakongola kwa amuna anga a Dickson. Pofika kuchipatala anapeza mwana atamufunditsa kale nsalu kumaso. Maliro a chaka chimenecho anali othamanga, abale. Anthu analibe mphamvu yokumba, analibe mphamvu yolira. Tinaika m'mawa, masana aliyense anali kuganyu kusaka madeya. Sabata isanathe a kalabu anafika kudzatenga mbuzi. Dzina la Alinafe silinamvekenso pakhomo paja, ndipo ife tinati ndi bwino choncho.

Kenako zinthu zinayamba kutembenuka pang'onopang'ono. Kunabwera makuponi a feteleza, mvula inagwa bwino zaka zotsatizana, mtedza wa achemwali unapeza ogula. Ndiye mu 2008 fodya anagulidwa pa mtengo umene a Vitus anali asanauonepo. Atabwera ku okushoni sanagule wailesi, sanalowe m'bala ngati anzawo. Anavala jekete la ukwati wawo n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kubweza ngongole.

Mukanawaona anthu! Ena ankaganiza kuti abwera kudzakongola zina, n'kuyamba kudandaula okha asanafunsidwe kuti zinthu zavuta. Ine anandibwezera mchere wa chaka chimene Mwayi ankakwawa. A Vitus anawapatsa amuna anga zawo zija za chimanga cha ku Zambia, osawayang'ana m'maso, ndipo sanakhale pansi ngakhale tinawapatsa mpando. Womaliza anali a Cyprian, mwini golosale, amenenso ankakongoza ndalama za katapila.

"A Cyprian, ndabwera ndi zanu. Zonse."

A Cyprian anayang'ana ndalama, anayang'ana a Vitus, anayang'ananso ndalama. Kenako anaitana akazi awo kuti abweretse khala la kukhitchini. Anakulunga ndalamazo papepala pamodzi ndi khalalo, n'kuziika pazokha pamwamba pa shelefu. Ankaopa chitaka, ndalama ya matsenga ija imene ukaisakaniza ndi zako imakoka zinzake n'kubwerera nazo kwa mwini wake. Kwa iwo zinali zosavuta kukhulupirira chitaka kusiyana n'kukhulupirira kuti a Vitus abweza ngongole. Sindikuwanena, inenso mchere uja ndinayamba ndaununkhiza.

Masabata oyamba zinali bwino, ndisaname. M'mimba munaleka kuwotcha. Masaya anatuluka, dazi linayamba kuwala. Nyumba anaifolera malata, Mwayi anamugulira nsapato za sukulu. Ndinawauza kuti, "Alamu, mwaleka kukongola ndiye mwayamba kukongola." Anaseka mpaka kutsokomola. Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kumene ndinamva kwa nthawi yaitali.

Tsiku lina akatekisiti anabwera kudzathokoza chopereka chimene a Vitus anapereka kutchalitchi. Ine ndinali pomwepo, ndikuswa mtedza ndi achemwali pakhonde. Akatekisiti atangoti "Odi!" tinangoona mpando wa a Vitus uli gada, mwini wake kulibe. Tinakawapeza m'chigafa. Fodya anali atagulitsidwa kalekale, chigafa chili mbee, mitengo yokhayokha, iwo ataima kuseri kwa mzati woonda kuposa mwendo wawo.

"Alamu, mukubisala ndani?"

Anandiyang'ana ngati ndawadzutsa kutulo.

"Kaya," anatero.

"Muli ndi ngongole ndi akatekisiti?"

"Ayi."

"Nanga?"

"Miyendo yangobwera yokha."

Tinaseka, akatekisiti nawonso anaseka. Achemwali okha sanaseke.

Kuyambira pamenepo zinangosokonekera. Munthu wopanda ngongole ndi wina aliyense, koma pamsika ankadzerabe m'madimba. M'mawa ankakhala pakhonde khasu lili pamiyendo, dzuwa n'kukwera, iwo ali duu, maso ali patali. Ukawalankhula ankayankha zina. Ndinawafunsa tsiku lina kuti chikuwavuta n'chiyani, poti zimene ankalira zaka zonse anali atazipeza.

"Alamu, kale ndikadzuka ndinkadziwa choti ndiganize. Uyu ndimuthawe bwanji, uyu ndimuuze chiyani, kwa uyu nditenge zingati zokapatsa uja. Pofika madzulo mutu watopa, ndagona. Panopa ndikadzuka m'mutu muli malo, ndiye mukulowa zina."

"Zina ziti?"

Anangotenga kamtengo n'kumatokosa dothi la pakhasu.

Ndiye kunabwera funso lija limene linatitopetsa tonse. Pakudya, kumunda, potuluka m'tchalitchi, ankangotembenukira achemwali:

"Mayi a Mwayi, kodi palibe amene tamuiwala?"

"Palibe."

"Ganizani bwino. Ine ndikumva kuti alipo."

Achemwali ankangotseka pakamwa n'kupitiriza zimene akuchita. Poona kuti kunyumba sakuyankhidwa, a Vitus anayamba kufunsa anthu m'njira. Kuimika munthu ali panjinga, "Pepani, kodi ndili nanu ngongole?" Anthu abwino ankati ayi n'kumapita akucheuka. Koma mudzi susowa akathyali. Felix, chidakwa chimene chimagona m'ngalande, anakumbukira nkhuku imene akuti anawakongoza m'nthawi ya chipani chimodzi. Felix nkhuku anaitenga kuti, munthu wosasunga ndi nthata yomwe? A Vitus anamulipira akumwetulira. Sabata yotsatira nkhuku ija inakumbukiridwanso, n'kulipidwanso. Ndinapsa mtima ine, ndinamutsata Felix mpaka kumowa n'kumutukwana anthu akuonerera. Koma ndalama za fodya zinali zikutha choncho, kulipira ngongole zimene kunalibe.

Tinawakweza minibasi, ine ndi achemwali, kupita nawo kuchipatala ku Boma. Adokotala anawapima zonse. Magazi akuthamanga bwino, sikelo yakwera, malungo mulibe.

"Bambo, pali chimene chikukudetsani nkhawa? Njala pakhomo, kapena ngongole?"

"Ndilibe ngongole," anatero a Vitus, mawu ake ngati munthu wonena kuti ng'ombe zake zabedwa.

"Ndiye muli ndi mwayi, ine ndili nazo. Nanga mukudwala chiyani?"

Anatipatsa panado, n'kutiuza kuti munthuyo azipuma mokwanira. Kupuma! Munthu akudwala kupuma komweko.

Pamene ife tinkasowa dzina la matendawa, kumjigo anali atalipeza kale. Ati a Vitus anakhwima. Ati munthu sangabweze ngongole za zaka zonsezo tsiku limodzi ndi fodya yekha. Ati sing'anga wa ku Zambia anawapatsa zizimba, malamulo aja amene wokhwima amasunga kuti mankhwala asasuluke: osayenda pamsewu waukulu, osayankha odi, osamukaniza munthu wopempha ndalama. Mukaziika pamodzi choncho zinkagwirizana, abale, zinkagwirizana moopsa. Kenako wina anaponya mawu oipa kuposa onse. Ati nanga mwana uja anamwalira bambo ake ali kuti? Si ku Zambia komweko? Ati mankhwala otere amachedwa kugwira, ndipo akagwira amafunanso wina.

Amayi anayamba kusuntha zidebe zawo achemwali akafika pamjigo. Mwayi kusukulu anzake analeka kudya naye. Ine ndinkawayankha onse, pakamwa Mulungu anandipatsa. Koma ndikabwerera kunyumba mutu unkaima. Ndinkati alamu anga ndimawadziwa, munthu woopa ndi kupha nkhuku komwe. Kenako n'kuti, nanga wokhwima amalembedwa pamphumi? Ndinkadana ndi maganizo amenewa koma ankabwera.

Tsiku lina ndinawapeza a Vitus pagolosale akukangana ndi a Cyprian.

"Ndikongozeni shuga, paketi imodzi."

"A Vitus, ndalama zikuonekera m'thumba la malaya anuwo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye gulani."

"Ayi, ndikufuna mundikongoze. Muzinditumizira uthenga, muzindikumbutsa. Ndikhale ndi choganiza."

A Cyprian anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda shelefu. Anati shuga watha, mapaketi ali mbwee kumbuyo kwawo. A Vitus anatuluka ali wera, n'kulowera kuseri kwa chigayo. Ndinawamvera chisoni, ndinachitanso mantha, ndipo sindikudziwa chimene chinali chachikulu.

Mawa lake m'mawa achemwali anafika kwathu atasenza mtolo wa zovala, Mwayi ali pambuyo ndi mabuku ake.

"Keziya, kaitane achimwene. Auze abwere ngati ankhoswe."

"Achemwali, nanunso mwakhulupirira za kumjigo?"

Anatula mtolo pakona n'kuyamba kusesa pabwalo langa ngati ndawalemba ganyu.

Apa ndiye panali pothina. Mkamwini banja likatha satsutsa, amanyamula kachikwama kake n'kuona msewu. Munda ndi wa kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, malata aja akhala pa dothi la kuchikazi. Ku Phalombe makolo a a Vitus anatha kalekale, kamunda kawo ena anagawana. Munthu amene anapirira nafe njala, amene anangomaliza kumene kudziwombola, akanachoka ndi jekete lokha, wopanda kolowera, dzina la ufiti lili kumsana. Ndipo achemwali anga si munthu woopseza. Akati ankhoswe, ndiye kuti zafika.

Tinakhala masana pansi pa mtengo wa mango kwathu. Achimwene a Eneya anakhala pampando, pambali pawo mkulu wina wa kwawo kwa a Vitus amene anatsalira pa esiteti. Amuna anga a Dickson analiponso, poti bwalo ndi lawo. Ine ndi achemwali tinali pamphasa. Mwayi tinamutuma kwa anzake. A Vitus anakana mpando, anakhala pa muzu, chipewa chili m'manja.

Achimwene sazungulira.

"A Vitus, mudzi wonse ukulankhula. Mlongo wangayu wachoka panyumba. Tiuzeni zoona ngati amuna. Munapita kwa sing'anga?"

"Sing'anga ndikanamulipira chiyani, alamu? Nayenso ndikanangomukongola."

Ine ndinaphulika kuseka, achimwene n'kundiyang'ana ndi diso loti ndikhale chete.

"Nanga zimene mukuchitazi n'chiyani? Kubisala popanda wokuthamangitsani, kugawa ndalama kwa zidakwa, kufunsa anthu ngati muli nawo ngongole. Munthu wamutu wake amatero?"

"Mutu wanga sindikuumvetsa nanenso."

"Anthu akutchula mwana uja."

Apo a Vitus anasiya kuzungulitsa chipewa. Atayamba kulankhula sankayang'ana aliyense, ankayang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Tsiku limene Alinafe anamwalira sindinali ku Zambia. Ndinali nditabwerako m'mawa. Chimanga ndinagula, koma pobwerera panjira yachidule anyamata ena anandilanda, thumba ndi ndalama zotsala zomwe. Ndinafika pakhomo palibe munthu. Ndinadziwa kuti mayi ake apita naye kuchipatala, poti ndinamusiya akutentha thupi. Ndinati ndipite, koma ndipita ndi chiyani m'manja? Ndikanena chiyani kwa eni ndalama? Ndinati ndikhale kaye pang'ono ndiganize bodza. Ndili mkati moganiza ndinamva njinga, kenako odi. Linali liwu la a Dickson."

Amuna anga anadzuka pang'ono pampando n'kukhalanso.

"Ndinalowa m'chigafa, ndinagona pansi pa fodya. A Dickson anaitana, anagogoda, anazungulira nyumba. Mapazi awo ndinkawaona. Ndinati abwerera ndalama zawo. Ndinakhala momwemo mpaka dzuwa kupendeka. Nditafika kuchipatala ndi pamene ndinamva kuti ankafuna munthu wopereka magazi, kuti magazi a mayi ake anawakana chifukwa anali ofooka, kuti a Dickson anatumidwa kudzaona ngati ndabwera."

Amuna anga anagwira kumutu ndi manja onse awiri.

"A Vitus, ndalama ija sindinaiganize n'komwe tsiku limenelo! Ndikanadziwa kuti muli momwemo ndikanafuula kuti mwana akufuna magazi. Anga anawapima, sanagwirizane. Ine ndinkaitana dzina lokha, poti ndinkayesa ndikulankhula ndi nyumba yopanda anthu."

"Ndikudziwa," anatero a Vitus. "Zaka zonsezi sindinaziganize. Zikati zibwere, wangongole wafika, ndathawa, zapita. Panopa wondithamangitsa palibe. Ndikangokhala pansi ndikumaona mapazi aja."

Kaya magazi awo akanamupulumutsa mwanayo, kaya anali atachedwa kale, palibe amene angadziwe. Ine ndazitembenuza nkhanizi kambirimbiri ndipo sindipeza pogwira.

Achimwene anapumira m'mwamba, nkhope yawo n'kumasuka. Anawomba m'manja kamodzi.

"Ndiye ufiti palibepo apa. Tithokoze Mulungu. Zinachitika zinachitika, inali njala, tonse tinali osokonezeka. Mlongo wanga, wamva wekha. Mwamuna wako si mfiti."

Amuna inu! Munthu wang'amba chifuwa chake pagulu, iwo akuona kuti mlandu watha, tiyeni tikadye. Ndinafuna kuwalasa mawu achimwene, koma achemwali anandigwira bondo. Nthawi yonseyi anali asanalankhule.

"Ndinkadziwa," anatero.

Tonse tinawatembenukira. A Vitus anadzutsa mutu koyamba.

"Munafika kuchipatala kumsana kwa malaya anu kukumata utomoni wa fodya, tizidutswa ta masamba tili m'khosi. Ku Zambia munapita kukasaka chimanga, simunapite kukagona m'fodya. Ndakuchapirani malaya obisalira m'chigafa kuyambira tili pa esiteti, bambo a Mwayi. Fungo lake ndingalisowe ine?"

"Nanga bwanji sunanene nthawi yonseyi?" anafunsa achimwene.

"Ndinene liti, achimwene? Tsiku loika maliro munalibe ufa m'nyumba. Sabata yomweyo anadzatenga mbuzi. Kenako a katapila, kenako feteleza, kenako fizi ya Mwayi. Ndikanakwiya, akanaima pakhomo kunamiza anthu ndani? Ndinati timalize kaye ngongole, ndidzakwiya pambuyo. Ngongole yatha. Ndakhala ndikudikira kuti munthuyu abwere anene yekha ndi pakamwa pake. Iye akuzungulira mudzi wonse kufunsa zidakwa ngati ali nazo ngongole, akubwera kudzandifunsa ine kuti taiwala ndani. Ine ndimuuze kuti taiwala ndani? Ine?"

Ngakhale pamenepo misozi yawo sinatuluke.

"Ndiye za kukhwimazi sunazikhulupirire?" ndinafunsa ine, poti ndinali nditasokonezeka zenizeni, mpaka ndinaiwala ulemu.

"Iwe Keziya, munthu woopa odi angathe ufiti?"

Mkulu wa kwawo kwa a Vitus anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana amuna anga, amuna anga anayang'ana pansi. Anabwera kudzaweruza za mankhwala, ndiye apa mlandu unali utasintha nkhope, palibe ankadziwa kuti wolakwa apepese bwanji, kaya alipe chiyani. Nkhuku? Mbuzi? Kwa yani?

"Tsono banjali likhala bwanji?" anafunsa achimwene, mawu atatsika.

"Kaya," anatero achemwali.

Anaimirira, anakonza chitenje, n'kuyamba kuyenda kulowera kunyumba kwawo, osatenga mtolo, osatsanzika. A Vitus anatiyang'ana ngati akufunsa chochita. Anadzuka, chipewa n'kuchiiwala pa muzu pomwepo, n'kumawatsatira chapatali. Ife tinatsala tili kakasi. Achimwene anandifunsa ngati banja latha kapena lilipo. Ndinati afunse ankhoswe.

Sipanapite nthawi tinamva mfuu. Unali mfuu wa maliro, uja umene mayi amalira mwana akangotsirizika, wochokera pansi pa mimba. Kenako pansi pake panamveka liwu lina lokhuthala, losazolowera kulira, likuduka ngati munthu wotsamwa. Ndinathamanga wopanda nsapato.

Pofika ndinapeza anthu ayamba kale kusonkhana. Ena anachokera kumadimba makasu ali m'manja, amayi a kumjigo aja anasiya zidebe panjira. Aliyense ankafunsa mnzake. Ena ankati zija tinkanena zija zachitika, Mwayi wapita. Ena ankati ndi a Vitus adzipweteka. Chitseko chinali chotsegula. Achemwali anali pansi pabalaza miyendo atatambasula, mpango utagwa, akulira akumenya simenti ndi manja. A Vitus anali atagwada pakona, nkhope kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Mayi wina wachikulire wa mphakati analowa n'kugwada pafupi.

"Mayi a Mwayi, tiuzeni, maliro ndi a ndani?"

"A Alinafe," anatero achemwali. "Mwana wanga Alinafe wamwalira."

Mayi uja anatembenuka kutiyang'ana ife a pakhomo. Uthenga unayenda kubwerera m'mbuyo, munthu kunong'oneza mnzake, ndipo ndinaona nkhope zikusokonezeka imodzi ndi imodzi. Alinafe uti? Si uja wa chaka cha njala? Palibe anamvetsa. Koma mayi wachikulire uja anavula nsapato, anakhala pansi pambali pa achemwali n'kuyamba kulira nawo. Wina analowa, winanso analowa. Ambiri mwa iwo anali ataikanso awo chaka chomwecho, mothamanga momwemo, ndipo posakhalitsa m'nyumba munkamveka mayina ena amene ndinali nditawaiwala. Amuna anakhala panja m'mbali mwa khoma, zipewa zili pamaondo, monga amachitira pamaliro.

Ndinalowa ndikukwawa pakati pa anthu mpaka ndinafika pamene panali achemwali. Anandigwira dzanja mwamphamvu, maso ali psuu.

"Keziya, pita ukatenge katundu wanga uja. Ubwere ndi Mwayi, adzalire mng'ono wake."